Ndinamata bowo la foni yanga ndi guluu

"Agogo, foniyi ili ndi bowo limodzi lokha, musamaliseweretse." Anandichenjeza choncho mdzukulu wanga Esnati tsiku lomwe anandigulira foni ku Balaka. Sindinamvere. Lero ndikulemba izi ndili gone pamphasa kuno ku Utale, chiuno chosweka, ndipo wondipatsa madzi sindikumudziwa.

Ine ndine munthu wosakhulupirira aliyense. Ndinaberedwapo mbuzi ndi anthu opemphera nawo, kuyambira pamenepo ngakhale mchere ndimaukiyira. Foniyo inali yotchipa, yopanda polowetsa mahedifoni. Inkafuna kachingwe koyera, kakafupi ngati chala: mbali ina kulowa m'foni, mbali ina kulandira mahedifoni. Esnati anandiikiramo nyimbo za kwaya ndi zina za Chilomwe zomwe mayi anga ankaimba posinja. Ndinkabisa mahedifoni mumpango, foni m'chitenje, n'kumapalira ndikumvera. Anthu akati odi sindinkamva, ndipo sindinkadandaula. Ndinkati bola asadziwe zomwe ndili nazo.

Kwanga kulibe sola. Esnati ankabwera m'mawa uliwonse kudzatenga foni, kukatchaja kwake, masana n'kubweza. Mmene ankatchajira sindinaonepo, sindinafunsenso. Tsiku lina anabweza foni yopanda kachingwe. Anati anakaiwala pawindo, koma ine ndinali nditaona kale mwamuna wake akuyenda ndi mahedifoni. Mtima unandiuza kuti andiyamba.

Kachingwe katabwera, ndinagula guluu wa nsapato, ndinapaka, ndinakalowetsa m'bowo muja n'kukanikiza mpaka kuuma. Ndinaseka ndekha kuti tione akazula bwanji.

M'mawa Esnati anakoka, anakokanso, kenako anandiyang'ana.

"Agogo, mwatani? Moto umalowera pomwepa!"

"Iwe usandipusitse. Wakhumudwa chifukwa mwamuna wako wasowa chomverera."

Anati tipite nayo kwa okonza mafoni ku Balaka. Ndinakana, ndinati amenewo amasintha batire n'kukuikira yakutha. Madzulo ake foni inazima nyimbo ili pakati. Inu owerenga, m'malo movomera kulakwa, ndinapita pakhomo pake n'kumutchula wakuba, ana ake akumva, aneba ali pamipanda. Sabata yomweyo analongedza, anatsatira mwamuna wake kwawo ku Machinga.

Foni yakufayo ndinapitiriza kuimanga m'chitenje, kuopa kuti ingabedwe.

Mwezi watha, ndikutsegulira mbuzi m'mawa, chingwe cha mbuzi chinandikola mwendo ndipo ndinagwera pamwala kuseri kwa khola. Ndinamva kuti thyo! m'chiuno. Ndinayesa kudzuka, ayi ndithu. Ndinamasula chitenje, ndinatulutsa foni, ndinadina, ndinadinanso, ndinaluma kachingwe kaja ndi mano anga otsalawa kuti mwina kazuka. Kuti kakanazuka ndikanatchaja ndi chiyani, sindikudziwa. Ndinakuwa mpaka mawu anatha. Njira ya ku Nkaya yapita pafupi, ndinkamva njinga zikudutsa, koma ndani akanakhota? Ndinawaphunzitsa ndekha kuti pakhomo panga sayankha odi.

Dzuwa linandiwotcha tsiku lonse, nyerere zikuyenda m'khutu. Anandipeza chakumadzulo mayi wina amene mbuzi zanga zinalowa m'munda mwake. Anabwera kudzandikalipira. Ndi iyeyo anaitana anthu kundinyamula kupita kuchipatala.

Anditulutsa, koma kuyenda sindikutha. Mayi uja amabwera akapeza mpata, nayenso ali ndi ake. Dzulo sanabwere, ndinagona ndi ludzu ndowa ili apo ndikuiona. Nambala ya Esnati ili m'foni yomatayo, pamtima sindiidziwa. Kalatayi ndipatsira mayi yemweyo.

Inu owerenga, chinthu mukapatsidwa funsani mmene chimagwirira ntchito, ndipo musatukwane wokutchajirani foni. Okhala ku Machinga, mukamva za Esnati wochokera ku Utale, wa ana awiri, muuzeni kuti agogo ake avomera: kachingwe anakaiwaladi pawindo. Ndipo inu odutsa njira ya ku Nkaya, mukaona nyumba ya khola kumbuyo, chitseko chosatsegulidwa dzuwa litakwera, chonde khotani. Musalekere pa odi. Kankhani chitseko, masiku ano sindikiya.