Msomali wa Mbendera

Ndinadzuka kusanache, kumzikiti asanaitane. Azimayi amene anachezera pamaliro anali akusinza pamikeka. Panja nkhuni zinkangofuka utsi, chifukwa mvula inali itazinyowetsa.

Abambo anali msilikali. Madzi osefukira anawakokolola akuwolotsa ana a eni. Dzulo lake, mkulu wa asilikali anauza amayi kuti mbendera yofunditsa mtembo ndi mendulo ya kulimba mtima amazipereka kumanda, m'manja mwa mkazi wa malemu. M'mawawo amayi anandituma kuti ndikhome msomali pakhoma, pamwamba pa wailesi. Ndinakhoma ndi mwala.

Pofika masana, msewu wathu ku Old Town unali utadzaza. Kunali ogulitsa mumsika, atelala, ndi asilikali ovala nsapato zonyezimira amene ankalambalala zithaphwi. Amuna atasambitsa mtembo ndi kuukulunga m'sanda, asilikali anayala mbendera pamwamba. Anaunyamula akulandirana mapewa. Ife akazi tinalekezera pageti, poti kwathu kwa Asilamu akazi sitipita kumanda. Mkulu uja sankadziwa, ndipo palibe anamuuza. Mfuti tinazimvera kunyumba. Ikalira iliyonse, amayi ankandifinya dzanja.

Kumanda, atasowa mkazi wa malemu, mkulu uja anapereka zonse kwa abambo aakulu, achimwene awo a abambo, amene amakhala ku Area 47. Atabwerako ndinawaona akuziika m'galimoto. Ine m'kalasi sindikweza ngakhale mkono, koma ndinapita n'kukagwada pamatope.

"Bambo aakulu, amayi akudikira mbendera."

"Iwe, nyumba yanuyi imadontha ngati sefa. Ukufuna makoswe aidye? Kwanga ndikaiika m'galasi, alendo aziiona."

"Nanga mendulo?"

"Dzuka, ukudetsa chitenje. Amayi ako adzabwera kudzaona."

Ankadziwa bwino kuti namfedwa satuluka m'nyumba miyezi inayi. Galimoto inanyamuka ine ndikali chigwadire.

Madzulo anthu anapinda mikeka n'kumapita. Tinatsala awiri, ndi beseni lolandira madontho pakati pa balaza. Amayi anangoyang'ana matope a m'mawondo mwanga, kenako khoma. Ndinawafunsa ngati ndizule msomali uja.

"Usiye," anatero.