Tsiku Limene Ndinamva Kuti Ndine Wamasiye

Foni inalira Lachiwiri m'mawa tikukumba kachewere kudimba kwathu ku Champiti. Mayi wina wa ku ofesi ya kazembe anati, "Mubwere ku Lilongwe Lachinayi, pali mafunso pa pempho lanu la viza." Ine kupusa, ndinasangalala. Mwana wathu wamkazi, amene ndi namwino kunja, anali woyembekezera koyamba, miyezi itatsala pang'ono kukwana, ndipo ndinkafuna kukakhala naye m'chikuta monga amayi anga anachitira pa ine.

Ndinapita ndi amuna anga. Pageti mlonda anati, "Foni ndi chikwama m'bokosi. Abambowa adikire panja." Anandilowetsa m'kachipinda ka mpando umodzi ndi tebulo, n'kutseka chitseko. Ndinakhalamo kuyambira naini koloko mpaka wani. Nditagogoda kupempha kopita kukataya madzi, mlonda anayankha ali kuseri, "Mukatuluka ndiye mwatuluka, mayi." Ndinapirira.

Kenako kunalowa bwana ndi womasulira.

"Amuna anu anamwalira chaka chanji?"

"Ali pageti, andigwirira ambulera."

"Fomu yanu ikuti ndinu wamasiye. Anasaina ndani?"

"Ndine."

"Munawerenga?"

"Chizungu changa chinathera Sitandade sikisi."

Analemba, osandiyang'ana. Patatha masabata awiri kalata inabwera: andikaniza chifukwa chopereka zabodza. Mwana wanga atayimva pafoni anati tikapanda kukonza, chitseko chingatsekeke kwa zaka. Ndinalira tsiku limenelo, osati chifukwa cha ulendo wokha, komanso manyazi. Ndakalamba ndisanatchedwepo wabodza.

Fomu ija anandilembera bambo wina wa kashopu ka makompyuta kufupi ndi msika pa Boma, wachikwangwani chachikulu cha zamaviza. Titamupanikiza anavomera kuti anatenga fomu ya mayi wina wamasiye, n'kusintha dzina ndi mudzi, zina n'kuzisiya momwemo. Mwana wanga anati pempho latsopano lifunika kalata ya bamboyo yovomera kulakwa. Bamboyo anakana. "Ndi kompyuta, mayi. Ndikalemba zimenezo bizinesi yanga yagwa."

Ine ndikanamutukwana mpaka msika wonse usonkhane, koma amuna anga anandigwira mkono. Ndi munthu wofatsa, woti ngakhale mbuzi sakalipira. Lolemba anavala jekete la kutchalitchi, n'kukakhala pa benchi ya makasitomala m'kashopu muja. Aliyense wolowa ankawalonjera, "Muli bwanji, bambo?"

"Ine ndine malemu," ankayankha mwaulemu. "Anandipha ndi achimwenewa, papepala. Nanga inu mwabwera kudzalembetsa chiyani?"

Anthu ankaseka, kenako n'kutenga mapepala awo, ulendo. Lachiwiri chimodzimodzi, ndipo anyamata a kabaza anayamba kuitanizana kudzaona malemu akudya chimanga chootcha. Lachitatu masana kalata inalembedwa, ya chidindo. Tinaphatikiza mtchatho wathu wa ukwati wa kutchalitchi ku Nzama, ndipo ulendo uno mwana wanga anandiwerengera fomu yonse pafoni, mzere ndi mzere, ndisanasaine.

A kwa kazembe anasunganso pasipoti yanga. Ndikudikira choncho, mdzukulu anabadwa Loweruka lina, wamkazi. Mayi wake anatuluka m'chipatala tsiku lachiwiri, mwamuna wake n'kubwerera kuntchito. Mwana wanga ankandiimbira ali yekha m'nyumba. "Amayi, mchombowu ukuoneka chonchi, nditani? Nanga pomusambitsa mutu ndiugwire bwanji?" Ndinkamuonetsa pa foni ndi chitenje chokulunga, nditakhala pakhonde. Tsiku lina anangolira, ine n'kumvetsera mpaka mayunitsi anatha.

Viza inatuluka mwana ali ndi masabata asanu ndi awiri. Mlonda yemwe uja anandipatsa envulopu n'kunena, "Zatheka, mayi, pitani bwino." Palibe anandimanga unyolo kapena kundimenya, ndipo sindidziyerekeza ndi amene anagonadi kundende. Koma ndinadziwa kuti munthu angatsekeredwe ndi mzere umodzi umene sanawerenge, ndiponso kuti akakutsekulira, masiku ako sakubwezera.

Ndinafika kwa mwana wanga m'mawa, iye akusambitsa khanda m'beseni. Ndinasiya chikwama pakhomo, n'kupinda manja a bulauzi, n'kutambasula mikono. Anandimwetulira, dzanja lake lili pansi pa kamutu kaja bwinobwino.

"Khalani pansi, amayi, mupume. Ndinazolowera."

Ndinakhala pansi.