Matemba a Eugénio m'chipinda nambala 4

Anzanga, tsiku lomwe ndinakumana ndi Eugénio, mawu oyamba kutuluka pakamwa panga anali akuti amanunkha.

Anafika akukankha njinga, atamangirira matumba atatu a matemba ochokera kunyanja ya Chiuta.

"Ameneyu ndi perefyumu wa kunyanja, mana," anatero akuseka, akunditcha mlongo m'Chipwitikizi. "Mudzazolowera."

"Ndizolowere chifukwa chiyani? Pita nazo kuseri."

Kwa amene simundidziwa, ndine Ivone. Bambo atabwerako kothawa nkhondo ku Malawi anamanga zipinda khumi pafupi ndi siteshoni ya sitima ku Entre Lagos, zoti amalonda azibwereka n'kusungamo katundu. Pomwalira anatisiyira awiri, ine ndi achimwene anga a Augusto. Nthawi imeneyo ndinkaphunzira gestão, za kayendetsedwe ka bizinesi, ku yunivesite ku Cuamba, ndipo Lachisanu lililonse ndinkabwera kudzagwira makiyi.

Kunena zoona, zambiri ndinaphunzirira pakhonde la zipindazo. Achimwene anandiphunzitsa kuyala mapulanga pansi kuti thumba lisakhudze simenti, kulankhula ndi kasitomala wokwiya, komanso lamulo lalikulu la bambo: nsomba sizilowa m'zipinda za kutsogolo. Makoma ake sankafika kudenga, ndiye fungo linkadutsa pamwamba. Nsomba zinali ndi shedi yake kuseri.

Eugénio anayamba kubwera ngakhale alibe katundu.

"Lero wabwera kudzasunga chiyani?"

"Ndabwera kudzaona ngati bwana wasiya kulusa."

Ine amene ndinkakana anyamata ovala mataye ku Cuamba, ndinagwa m'chikondi ndi munthu wa njinga yopanda mabuleki! Ankanditcha doutora, kutanthauza mayi wophunzira kwambiri. Ankandibweretsera mlamba wowamba, atausankha yekha. Ndikakwera sitima ankathamanga m'mbali mwake mpaka kumapeto kwa pulatifomu, anthu n'kumamuseka. Musandiweruze... ndinkamukonda.

Kenako unafika Malichi wa mvula yambiri. Shedi inadzaza. Ndikukonzekera kubwerera kukalemba mayeso, achimwene ali ku maliro ku Amaramba, Eugénio anatulukira ndi matumba asanu a matemba onyowa m'mbali.

"Nambala 4 ilibe kanthu. Masiku awiri okha, amor."

"Ukudziwa lamulo."

"Ndiye ziwolere panja? Lamulo ndi ine, wasankha lamulo?"

Ndinkadziwa zomwe zinali mu nambala 5. Zinali nsalu makumi asanu ndi limodzi za amayi Adelaide, zomwe gulu lawo linaitanitsa kuti lidzavale zofanana pa 7 de Abril, tsiku la amayi. Amayi Adelaide ndi amene anatibweretsera pafupifupi amayi onse ogulitsa nsalu pa boda. Iwo atachoka, onse akanawatsatira, ife n'kutsala ndi makoswe.

Ndinkadziwa zonsezi, koma ndinachotsa kiyi pamkombero n'kumupatsa.

Masiku awiri aja anakhala milungu iwiri. Ndili ku Cuamba achimwene anaimba foni. Sanakalipe. Anangoti, "Mana, bwera udzanunkhize ntchito yako."

Ndinapeza amayi Adelaide ataima pakhomo la nambala 5, nsalu ili m'manja, amayi ena atawazungulira. Eugénio analipo, ataitanidwa kudzachotsa zinthu zake.

"Wayika nsomba apa ndani?" amayi Adelaide anafunsa.

Ndinamuyang'ana. Ndinkangofuna anene kuti tinalakwa tonse, basi.

"Ine ndinangopatsidwa kiyi, mãe," anatero, maso ali pa njinga yake. "Malamulo a pano sindiwadziwa. Funsani eni ake."

Sawadziwa! Munthu amene ndinamuthamangitsira kuseri tsiku loyamba lenileni!

Achimwene anatsegula pakamwa, ndipo ndinaona kuti akufuna kusenza mlanduwo. Ndinawatsekereza.

"Ndine, amayi. Ndinkadziwa kuti nsalu zanu zili umo. Ndinapereka kiyi chifukwa ndi chibwenzi changa."

Mayi wina anaseka mokweza. Amayi Adelaide sanaseke.

"Kwatsala masiku anayi. Amayi a gulu langa akavine akununkha matemba?"

"Ndipatseni atatu."

Anzanga, munachapapo nsalu makumi asanu ndi limodzi? Ndinachapa ndi sopo, ndimu ndi madzi a pa mjigo, imodzi imodzi, kawiri. Achimwene ankatunga madzi ndi kumanga zingwe, osanena liwu limodzi la "ndinakuuza". Mayeso awiri otsala anadutsa ine ndili pa beseni. Eugénio ananditumizira uthenga umodzi wokha: "Sorry, ndinachita mantha." Sindinayankhe, manja anali m'thovu.

Tsiku lachitatu amayi Adelaide anabwera, natenga nsalu ya pakati pa mulu, n'kuyika mphuno nthawi yayitali.

"Yatha kuwala kwa nsalu yatsopano," anatero. "Koma ivalika. Ukanandinamiza tsiku lija, mwana iwe, bwenzi ndatulutsa katundu wanga yense. Kweza makoma awa."

Tinakweza. Njerwa ndinkanyamula ndekha pamutu, mpaka khoma lililonse linakhudza malata. Ku yunivesite sindinabwerere. Anzanga a m'kalasi amene mumandifunsa mwachifundo chabodza kuti "unathera kuti", ndili konkuno. Zipinda tsopano zilipo khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo wina wa inu anabwera ndi diploma yake kudzandipempha ntchito.

Ndimawathokoza achimwene, amene sanandilande makiyi. Ndimawathokoza amayi Adelaide, amene mpaka lero amandinunkhiza m'khosi akamandipatsa moni, kuti ndisaiwale.

Mwezi watha Eugénio anabweranso, njinga yomwe ija, matumba anayi.

"Doutora... muli ndi malo?"

 Ndinaloza ndi chala.

"Nsomba kuseri, senhor."

Anakankha njinga yake n'kuzungulira nyumba. Njira ankaidziwa bwinobwino.