Singano Yovala Nthenga

Singano ija inali ya amayi, yosokera zigamba, yaing'ono moti ikagwa pansi nyumba yonse inkagwada kuifunafuna ngati tili pa mapemphero. Koma ine ndimaikumbukira itapindidwa kale, yakuda ndi moto, pakhosi pake atamangapo kanthenga ka nkhuku ndi kaulusi kofiira. Mukanaiona mukanaseka. Inenso ndinaseka, pakuti ndinali mwana, ndipo mwana amaseka ngakhale pamaliro akaona abusa apunthwa.

Inali nyengo imene kuzizira kwa Mzuzu kwangotha, mitengo ya kutchire itavala masamba ofiira, mvula ikadali kutali. Tinkakhala ku Masasa, osati Masasa wa lero wa nyumba zothithikana ndi njinga zamoto zolira ngati mavu, ayi. Kuseri kwa nyumba kunali tchire, ukatsetsereka n'kufika kumtsinje wa Lunyangwa. Abambo anali atapita ku Joni n'kungoti zii. Amayi anali atangobereka mwana wamkazi, malungo n'kuwagwira, mkaka n'kuuma. Khandalo linkayamwa, n'kusiya, n'kulira. Patapita masiku linasiya kulira kwenikweni, linkangoti nyee ngati kamwana ka mphaka. Ine ndinkati zakhala bwino, tizigonako tsopano. Onani uchitsiru.

Azimayi a kutchalitchi anabwera, anayang'ana amayi, anayang'anana. Mmodzi anati phala lokha silingatsitse mkaka, pafunika msuzi wa nsomba yaiwisi tsiku ndi tsiku. Anapemphera n'kumapita. Nsomba sanasiye. Kumsika nsomba zinalipo, inde, koma zinkangotiyang'ana ifenso tikuziyang'ana.

Kenaka kunatulukira amalume kuchokera ku Nkhata Bay, atamva kuti alongo awo ali gone. Anali munthu wa kunyanja, wa mapewa ngati chitseko, woti akamasimba za nsomba ankatambasula manja mpaka kugunda khoma. Anabwera ndi kaphukusi ka usipa kamene sikanachedwe kutha, ndi mbedza zawo zophera kampango. Atamva zimene ananena azimayi aja anaseka.

"Nsomba basi? Mphwanga, tenga ndowa."

Ndowa, anthuni. Tinapita kumtsinje ndi ndowa.

Madzi anali ataphwa, oyera mbee, mchenga wa pansi ukuoneka. Amalume anaima chilili pagombe, chithunzithunzi chawo chitagona mpaka tsidya, akuimba nyimbo yopalasira bwato. Anatunga chimulu cha nyongolotsi pa chimbedza, anamangako mwala, n'kuponya. Chubwi! Ndinaona ndi maso angawa timatemba ndi timakumba tikubalalika ngati ana a sukulu akaona mkwapulo. Tinatha tsiku lonse. Pobwerera tinatunga madzi m'ndowamo kuti anthu aziti tinapita kukatunga.

Mawa lake chimodzimodzi, mkuja wake chimodzimodzi. Tinsomba tija tinkabwera kudzadya nyongolotsi mozungulira mbedza, mwaulemu ndithu, n'kusiya chitsulo chili mbuu. Pakamwa pawo ngati diso la nkhuku, tikanameza bwanji mbedza ya kampango? Koma munthu wa kunyanja sungamuuze za nsomba. Ankati mtsinjewo ndi wolodzedwa. Ankati anthu a kumapiri aphunzitsa nsomba zawo kuumira. Nyimbo zokha ndi zimene zinayamba kuchepa, mpaka zinatheratu.

Kunyumba kunkanunkha thukuta la malungo ndi utsi. Amayi akamva mapazi athu ankangoyang'ana manja a amalume. Khanda lija pamutu pake panali patalowa, pakugunda pang'onopang'ono ngati khosi la chule. Ine ndinkakonda kuyang'ana pamenepo. Ndinkati n'zosangalatsa.

Tsiku lina masana amalume anatopa. Anaponya ndodo yowedzera uko, anakhala pansi m'udzu, mutu uli m'manja. Ine ndinachita mantha, ndinakhala chete kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga. Ndiye poti chithunzithunzi chinachoka pamadzi ndipo panalibe woimba, mtsinje unadzuka. Tinsomba tinatuluka pansi pa udzu wolendewera. Kachilombo kouluka kanagwera pamadzi, kanaphiriphitha pang'ono, kenaka tapu, kapita. Kena kanagwa, tapu. Amalume anali atadzutsa mutu.

Anandiuza monong'ona kuti kale ali mnyamata anaona mzungu padoko, wa pa ulendo wa ku Nyika, chipewa chake chitadzaza timbedza tovala nthenga. Ankati n'tophera nsomba zina zimene azungu anathira m'mitsinje yozizira ya kumeneko. "Tinamuseka chomene," anatero amalume. Koma ponena iwo sanaseke.

Madzulo ake anagwada pafupi ndi mphasa ya amayi n'kupempha singano. Amayi sanafunse kuti ya chiyani, anangoloza ndi chibwano pamene ankaisomeka kudenga. Inali imodzi yokhayo m'nyumbamo, ndipo singano ukaipinda isanapse bwino imathyoka. Amalume anaiika pamakala mpaka inafiira, n'kuikhotetsa pang'onopang'ono pa msomali. Ulusi wofiira anasolola pa mpendero wa chitenje cha amayi, chingwe anasolola m'tayala lakale. Nthenga inali ntchito yanga. Nkhuku ya aneba inapereka chopereka chake mosafuna, ndipo inalengeza mudzi wonse.

Kuyambira pamenepo usodzi wathu unasanduka ukuba. Tinkalawira dzuwa lisanakwere, madzi akufuka nthunzi, mame akuluma m'miyendo. Tinkayambira kumunsi kumakwera, pakuti nsomba imayang'ana kumene madzi akuchokera, ndiye uzifikira kumbuyo. Dzuwa lizikhala kumaso kwako, chithunzithunzi chitsale kumtunda. Osatsokomola. Osaponda mwamphamvu. Ndipo sitinkayenda, tinkakwawa. Taganizani chimunthu chonse chija, chimene chinkalimbana ndi mwera panyanja, chikukwawa chamimba m'matope, matako ali m'mwamba, kuzembera nsomba yaing'ono ngati chala. Akafika pamthunzi wa udzu ankatsitsa kanthenga kaja pamadzi mofatsa, n'kukagwedeza pang'ono kuti kaoneke ngati kachilombo kakumira.

Nsomba yoyamba inadya, inakwera m'mwamba, n'kupulumuka. Singano ilibe kandevu kokola ngati mbedza ya kusitolo, ukangolekerera chingwe nsomba yapita. Yachiwiri inapulumukanso. Ndinamva amalume akukukuta mano. Yachitatu anaikoka kamodzi n'kamodzi mpaka inakagwera m'udzu kumbuyo kwathu, iwo n'kuigwera ndi thupi lonse. Atadzuka anaifumbata m'manja awiri ngati mkate wa mgonero. Kanali katemba. Anakaika m'thumba la malaya n'kumanga batani. Za ndowa sanatchulenso.

Tsiku labwino tinkabwera ndi todzaza dzanja. Ankatiwiritsa ndi mchere wokha, amayi n'kumwa msuzi, n'kutafuna ndi minga yomwe. Ine ndikatambasula dzanja linkakumana ndi chikhatho cha amalume. Ndinkadandaula kuti wokwawa ndine, wodya ndi wina. Kusukulu ndinkafika mochedwa, maondo ali matope, aphunzitsi n'kumati mutu wanga wadzaza matemba. Sanalakwitse. Sukulu yanga inayamba kudontha nyengo imeneyo ndipo sinamatidwenso.

M'mawa wina singano inakodwa pa muzu pansi pa dziwe lakuya. Ine ndinati kokani. Amalume anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anandipatsa ndodo, anati ndikangogwedeza andiponya momwemo, ndiye analowa ndi zovala zomwe, akutsata chingwe ndi zala. Madzi a Lunyangwa m'mawa amaluma mafupa. Anamira, anavuuka, anamiranso. Anakhalitsa moti thovu linasiya kutuluka, ine n'kuyamba kuganiza zimene ndikanene kunyumba. Atavuuka milomo inali yotuwa, chala chikuchucha magazi, singano italowa m'chalamo. Anaizula, anaiyang'ana, anawongola kanthenga. "Yewo, Ambuye," anatero, mano akuombana. Tsiku limenelo nsomba zinali zitathawa zonse, ndipo amayi anagona ndi phala lokha.

Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Ndimangokumbukira m'mawa umene tinadzidzimuka ndi chiphokoso, khanda likukuwa mpaka nkhuku ya aneba ija inayankha. Amayi anali atakhala tsonga, chitenje chitanyowa ndi mkaka pachifuwa. A chipatala anganene kuti malungo anangotha okha, ine sinditsutsa, iwo anamaliza sukulu. Mlongo wangayo lero ndi chimayi cha Mvano, chodzaza mpando wa minibasi, ndipo kumsika akamuonetsa matemba amakwinya mphuno, amati iye amadya chambo. Ndimangomuti, dona, mnofu wonsewo ndi wa matemba, nkhuku ya eni ake inazulidwa nthenga chifukwa cha inu.

Sabata yomweyo amalume anasamba, anavala malaya owuma, ananyamula khandalo n'kulitcha dzina. Ine ndinati zachedwatu, mwana wa aneba anamutcha mchombo utangogwa. Ndinali nditawakumbutsapo kangapo, mpaka ndinapereka dzina la galu wanga amene anafa, poti linali kungokhala. Nthawi zonse amayi ankatembenukira kukhoma, amalume n'kuti, "Dzina silithawa, mphwanga." Ndiye ndinkangoti akuluakulu ndi anthu oiwalaiwala, nsomba zawasokoneza mitu. Sindinkadziwa kuti mlendo amene akuoneka kuti sagona, eni nyumba amaopa kumufunsa dzina.