Mkazi wa Msilikali Savina

Apongozi anga anafika kwathu kukomboni ya Kapata amuna anga atangochoka kumene. Anabwera kuchokera ku Madzimoyo ndi kathumba ka mtedza pamutu, nkhuku yomanga miyendo kudzanja, ndi mphasa yawo yokulunga m'khwapa. Nkhuku ndi mtedza ndinalandira ndi manja awiri. Koma nditaona mphasa ija ndinadziwa kuti awa sanabwere kudzacheza. Ndinali nditalandira mlonda.

Munali m'zaka za m'ma 1990, pamene asilikali akwathu ankatumizidwa ku Angola kukasungitsa mtendere, ndipo amuna anga anali m'gulu limodzi la iwo. Nyumba za kukampu zinali zosakwanira, choncho ife tinkachita lendi m'komboni, ine ndi kamwana kathu kakakazi kamene kanali kakuphunzira kuyenda. Masiku ena onse ndinkagulitsa zitumbuwa pamsika, koma Lamlungu ndinali munthu wina. Ndinkaimba kwaya kutchalitchi, ndipo nthawi yopereka mphatso kuguwa ikakwana, wotsogolera gule wa azimayi ndinali ine. Sindikudzitama, koma akapolo a Mulungu ena ankachita kuimirira pabenchi kuti aone bwino.

"Amake mwana, khalani pansi," anatero apongozi tsiku lomwelo. "Manje mwamuna wanu ali kunkhondo. Moyo wake uli m'manja mwanu."

Anayamba kundiwerengera malamulo. Tsitsi osaluka. Mafuta onunkhira osadzola. Mchere m'ndiwo azithira ndi iwo. Kuseka ndi mwamuna panjira, ngakhale wogulitsa makala, ayi. Lalikulu analisungira kumapeto: kuvina kuthe kaye. Anati mkazi wa msilikali akatukula phazi kuvina kuno, mwamuna wake amaponda poipa kumene ali. Umenewu ndiwo ankautcha mdulo, kuti mkazi akasewera kunyumba amadula mwamuna wake ali kutali.

"Koma amayi, paja akuti apita kukasungitsa mtendere, osati kukamenya nkhondo," ndinatero.

"Mtendere wanji wonyamulira mfuti?"

Ndinamvera, ndipo sikuti ndinamvera chifukwa chaulemu wokha. Ndinali nditaona zimene zinachitikira mnzanga wina wa m'komboni momwemo. Mwamuna wake anapita ndi gulu loyamba, n'kubwerako dzanja limodzi litapuwala. Abale a mwamunayo anafufuza mpaka anapeza kuti mkaziyo anavinapo paukwati wa mng'ono wake. Basi, mlandu unathera pomwepo. Anamulanda ana, n'kumuthamangitsa. Ine ndinamupeza pasiteshi ya mabasi atakhalira chikwama chake, maso ali gwa, osalira n'komwe. Kwa apongozi anga nakonso anapereka ng'ombe pondikwatira, ndiye ndinkadziwa kuti zitavuta, mwana wanga ndi amene angatsale, ine n'kubwerera kwathu ku Chiparamba manja ali m'khosi.

Ndinakhala choncho miyezi, mutu uli nyankhalala mkati mwa duku. Kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo pafupi ndi apongozi, ng'oma zikulira, mapazi anga akusuntha okha pansi pa benchi. Iwo akangoona, ankatsokomola. Gule wanga anatenga mayi wina wabwino mtima, koma wovina ngati akupondaponda dothi la njerwa. Ndinkapsa mtima mpaka Misa yonse kundidutsa.

Kumayambiriro kwa Disembala, msilikali wina amene anabwera kudzaika maliro a bambo ake anatibweretsera kaseti. Amuna anga kulemba sankakukonda, koma pakamwa anali napo. Tinayanika mabatire padzuwa kuti apezeko mphamvu, n'kukhala pakhonde, wailesi pakati pathu.

Mawu awo atangomveka, mwana anayamba kusuzumira kuseri kwa wailesi. Anatipatsa moni mmodzimmodzi, kenako n'kuyamba kufotokoza za kumeneko. Anati amadzuka m'mamawa kudzaza mchenga m'matumba, mawa lake bwana n'kunena kuti matumbawo asunthidwe, iwo n'kusuntha. Anati zakudya za m'zitini zawakola, moti akalota amalota chibwabwa chotendera. Nsolo amasewera ndi zitsekerero za mabotolo, ndipo wina wa ku Katete amabera ngakhale akumuyang'ana. Anati dziko lonselo ndi lodzala mabomba okwirira, moti poyenda umaponda pamene waponda mnzako. Mango akupsa n'kumagwa okha m'mbali mwa msewu, koma palibe woyerekeza kupatuka kukatola.

"Mvula yagwa kuno, amayi," anatero. "Dothi lake lofiira ngati la kwathu. Manja akundiyabwa kufuna khasu, koma kuno ukakumba umakumba imfa yako."

Kumbuyo wina anakuwa kuti, "Auzeni alamu kuti tikunenepa!" ndipo panamveka kuseka kwa amuna ambiri. Kenako zigubu zinayamba kulira. Ankaziimba ngati ng'oma, wina akugogoda chitini ndi supuni, onse n'kuyamba nyimbo ya Khirisimasi imene timaimba kwathu. Mawu anali osalongosoka, wina kutsogola wina kutsalira, koma ankaimba ndi mtima wonse. Itatha, amuna anga anabweranso akupuma mwawefuwefu.

"Tikukonzekera. Pa Khirisimasi tivina kuno mpaka fumbi. Tikangokhala duu timayamba kuganiza, ndipo munthu woganiza kwambiri sachedwa kudwala. Inunso kumeneko musakhale ngati pali maliro. Sindinafe ine."

Apongozi anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Ine ndinadikira kuti kaseti ithe, ndiye ndinati, "Mwamva, amayi? Akuti tisakhale ngati pali maliro."

"Iye ndi mwamuna, avine. Inu ayi."

Mawu amenewo anandikhala pakhosi masabata onse otsalawo. Ndinkakazinga zitumbuwa ndikuyankha apongozi mumtima. Munthu ali pakati pa mabomba akuimba zigubu, ine ndili ku Kapata, kumene choopsa chachikulu ndi galu wa eni nyumba, ndikhale ndafota ngati wamasiye? Ndinali nditatopa kulira maliro a munthu wamoyo. Komanso ndinkadzifunsa kuti ngati phazi langa lili ndi mphamvu yophulitsa bomba ku Angola, bwanji silinali ndi mphamvu yobweretsa amuna anga kunyumba?

Tsiku loti mawa Khirisimasi ndinatseka msika msanga, n'kupita kwa mnzanga wina kukalukitsa tsitsi. M'mawa mwake ndinasamba, n'kudzola mafuta aja anakhala miyezi pansi pa sutikesi, n'kuvala chitenje cha kwaya. Duku ndinalisiya pabedi. Potuluka ndinapeza apongozi ataima pakhomo.

"Mupita kuti ndi mutu umenewo?"

"Ku Misa, amayi. Lero nditsogolera ndine."

"Amake mwana, ndakuuzani. Chilichonse chikachitika uko, ndi inu."

"Chabwino. Ndikhale ine."

Pakamwa pokha ndi pamene panali polimba. Ndinkaopa, ndipo mantha ake sanali a apongozi okha. Nanenso ndinakulira m'mudzi, zinthu zimenezi ndinaziyamwira, ndipo kamtima kena kankandinong'oneza kuti mwina n'zoona.

Koma ng'oma itangolira, zonsezo zinatsalira panja. Ndinasenza lichero la mango ndi mazira, azimayi ali pambuyo panga mizere iwiri, n'kuyamba kulowa pang'onopang'ono. Nthungululu zinabuka uku ndi uku. Ndinavina ndikuganiza za amuna aja ndi zigubu zawo, kuti mwina nthawi yomweyo nawonso akutimba fumbi ndi majombo. Ndinavina mpaka thukuta kulowa m'maso. Pofika kuguwa ndinali ndikuseka ndi kulira pamodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni amuna anga ndinamva kuti ndili nawo pafupi. Apongozi anatuluka Misa isanathe.

Chaka chatsopano chinadutsa tisakulankhulana kwenikweni. Galimoto iliyonse ikaima pafupi, mtima wanga unkadumpha. Chimanga chitayamba kumasula, ndinayamba kupumako, n'kumati zadutsa.

Ndiye tsiku lina masana, galimoto yobiriwira ya asilikali inaima pakhomo pathu. Anatsika awiri, zipewa zili m'manja. Anati amuna anga ali moyo, ayambe ndi pamenepo. Anati popewa matope anapatuka pang'ono mumsewu, n'kuponda bomba. Mwendo wamanzere anaudula m'munsi mwa bondo, ndipo anali m'chipatala ku Lusaka. Ine ndinangokhala pansi pomwepo, pafumbi. Apongozi sanakuwe. Anangondiyang'ana mapazi.

Ku Lusaka anapita iwo ndi achimwene awo, amalume a amuna anga. Ine anandiletsa, ati ndikayandikira bala silipola. Ndinatsala ndi mwana masabata angapo, ndikudziwa kuti tsiku lililonse akuwathira mawu m'khutu. Chimene amuna anga ankakhulupirira sindinkachidziwa, ndipo chimenecho n'chimene chinkandisowetsa tulo. M'komboni anthu anayamba kusiya nkhani ndikamadutsa. Ena amene anandiimbira nthungululu tsiku lija ndi omwe ankati anaona kale kuti kavinidwe kaja sikanali kabwino.

Tsiku limene anawabweretsa amuna anga kunyumba, abale ochokera ku Madzimoyo anadzaza pabwalo. Anawanyamula n'kukawagoneka kuchipinda ine ndisanawaone bwino nkhope, apongozi n'kukhala pakhomo pa chipindacho. Amalume anandiitanira pansi pa mtengo.

"Mtengwa, nkhani ndi yapafupi," anatero. "Muvomere kuti munalakwa. Tikupatseni mankhwala mumwe, mukapumeko kaye kwanu ku Chiparamba. Mwana atsale ndi ambuye ake, apongozi anuwa."

"Kuvina ndinavina, anthu onse anaona," ndinayankha. "Koma kulakwa sindinalakwe. Mankhwala sindimwa, kwathu sindipita, ndipo mwanayu ali kumsana kuno satsika."

"Mukuyankha ndani choncho?"

"Inu amene, amalume. Pepani, madzi anga akupsa."

Ndinawasiya pansi pa mtengopo. Ndinathira madzi otentha m'beseni, n'kutenga sopo ndi nsalu yoyera, n'kulunjika kuchipinda kwanga. Apongozi anatambasula miyendo kutseka khomo.

"Sunthani, amayi, angakutayikireni."

Anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ananso. Sindinabwerere m'mbuyo ngakhale pang'ono, ndipo beseni linali likufuka nthunzi pamwamba pa maondo awo. Anapinda miyendo.

Amuna anga anali ataonda, khosi lokhalokha. Bulangete linali lathyathyathya pamene panayenera kukhala phazi. Ndinaika beseni pansi. Momwe anandiyang'anira, ndinayamba kuganiza kuti basi, awatembenuza.

"Amake mwana, akuti munavina."

"Ndinavina, atate ake. Ndinatsogolera ndine."

"Munavina bwino?"

Ndinangogwedeza mutu.

"Nafenso tinavina," anatero motsitsa. "Ndinavina mpaka jombo kung'ambika. Bola ndinatero." Kenako anakweza mawu kuti amve a pakhomo ndi a pabwalo. "Amayi! Bomba lija analikwirira kalekale, awa akali pasukulu, asanandidziwe n'komwe. Linkangodikira phazi, la aliyense."

"Nanga bwanji lako?" anafunsa apongozi. "Munali ambiri mumsewumo. Bwanji la mwana wanga?"

Amuna anga analibe yankho, inenso ndinalibe, ndipo mpaka lero ndilibe. Apongozi anayamba kulira, kulira kumene anakusunga chibwerereni galimoto ija. Ndinawamvera chisoni, ndinene zoona. Amene anakwirira bombalo sankawadziwa, analibe nkhope ngakhale mudzi woti n'kupitako kukawazenga mlandu. Ine ndinali pafupi.

Amalume anasuzumira pakhomo, mawu atafewa tsopano. "Mtengwa, zina zonse tazisiya. Ingogwadani mupepese kwa apongozi anu, mitima ikhale pansi. Kupepesa sikupha munthu."

Ndinaganiza za mnzanga uja wa pasiteshi. Iye anagwada, anapepesa, ndipo kupepesa kwakeko ndi kumene anakutenga ngati umboni.

"Amayi ndiwasunga, ndiwaphikira, akadwala ndiwasambitsa," ndinatero. "Koma mwendo uwu sindinaudule ine, ndipo sindiupepesera."

Ndinatembenuka, n'kukokera beseni pafupi ndi bedi. Pamenepo ndinagwada, n'kuyamba kumasula bandeji.