Keturah Afufuta Mkwati pa Tepi

Taganizirani m'mawa wamba ku Wigston, kufupi ndi mzinda wa Leicester. Kunja kukuwaza kamvula, mabini andandalika m'mbali mwa msewu, ana asukulu akudikira basi manja ali m'matumba. M'nyumba ina ya pakati pa mdadada, Keturah wavala kale yunifolomu ya kunyumba yosamalirako okalamba, akumwa tiyi chiimire. Unali m'mawa wotero pamene foni yake inalira. Woimbayo anali Bonface, mwamuna wake wakale.

Keturah kwawo ndi ku Luchenza. Anaphunzira unamwino, nakwatiwa ndi Bonface ku Limbe, kenako anabwera kuno ku dziko la azungu yekha kudzagwira ntchito. Mwana wawo Mayankho anatsala m'manja mwa apongozi ake, mayi a Bonface, amene ankamutcha Keturah "mwana wanga" osati mtengwa. Zinthu zitakhazikika anaitanitsa mwamuna ndi mwana. Bonface anakhala bwinobwino mpaka mapepala ake okhalira m'dziko muno atatheka, ndiyeno anati wapeza ntchito pa fakitale ina ku Derby. Poyamba ankabwera Loweruka lililonse. Kenako anasiya. Apongozi anamwalira asanavomereze zoti banja linatha.

"Mayi a Mayankho, mwadzuka bwanji?" anatero Bonface pa foni.

"Ndadzuka. Basi yanga ili pafupi, nenani."

"Tepi ija ya ukwati wathu mukadali nayo? Mwina munamva, ndikumanga ukwati ku Normanton, konkuno ku Derby, mwezi wamawa. Ndimafuna malemu amayi adzaoneke pa sikirini mu holo. Kulibe kwina kulikonse kumene anajambulidwa akuyenda, akuseka."

"Pa ukwati wanga."

"Musadandaule. Pali mnyamata wina wodziwa kudula. Angotengapo pamene pali amayi ndi ine. Inuyo simudzaonekamo."

Keturah anayang'ana tiyi wake. "Ndikutumizirani," anatero, nathimitsa foni.

Tsiku lonse ankasambitsa ndi kudyetsa okalamba mofatsa monga mwa masiku onse, koma mumtima munali mowira. Munthu uja anamudyera thukuta, anamusiya, ndipo tsopano ankafuna kubwereka ukwati wake ngati mipando ya pa tchalitchi, apongozi ake akavinire mkazi wina. Poweruka anali atadziwa chochita. Tepi adzamupatsa ndithu, koma iye ndiye ayambe kudula.

Achinyamata amene munakulira pa foni, apa mufunika kumva bwino. Tepi ya vidiyo ndi kabokosi kakuda kokhala ndi lamba wautali mkati. Ukajambula china pamwamba pa chakale, chakalecho chapita, sichibwereranso. Ndipo tepi ya ukwati wa Keturah inali imodzi yokha pa dziko lonse. Chimene chinkasowa ndi deki, makina oonetsera tepiyo pa TV, poti yawo inafa kalekale.

Pa tsiku lake lopuma anakwera basi kupita ku Narborough Road, kumene kuli kashopu kogulitsa zamagetsi zakale. Mwini wake, Rafik, ndi mmwenye wa imvi wobadwira ku Limbe, amene anasamukira ku Leicester ali mnyamata koma Chichewa sanachitaye.

"Deki, mayi? Masiku ano?" anaseka Rafik. "Anthu amabweretsa kudzataya, inu mukudzagula. Bwerani muone."

Anamuonetsa zitatu. Yoyamba inali yaing'ono, yooneka bwino, koma yongowulutsa basi. Keturah anapukusa mutu. Yachiwiri inali yasiliva, ya mabatani ambiri, yodula malo enieni amene wafuna, koma mtengo wake unali wa munthu wolemera. Yachitatu inali yakuda, yokandikakandika, limoti yake yomangidwa ndi labala.

"Iyi imajambula?" anafunsa Keturah.

"Imajambula, ndipo simeza tepi. Deki yotchipa musamaigule musanaiyese, taonani." Rafik analowetsa tepi yakale, naibweza m'mbuyo, naithamangitsa kutsogolo, naitulutsa lamba ali bwinobwino. "Koma ili ndi khalidwe limodzi loipa. Mukaimitsa kujambula, imakhala itadya kale pang'ono za kutsogolo. Pamenepo pamangotsala mchenga wokhawokha pa sikirini. Mukufuna kujambula chiyani?"

"Sindikufuna kujambula. Ndikufuna kufufuta munthu."

"Ndani?"

"Mkwati."

Rafik anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mkwatibwi ndi inu?"

"Ndine."

"Ndiye tengani yakudayi, achemwali. Munthu woteroyo musamuwonongere ndalama." Anamuikira m'jumbo chingwe cholumikizira ku bokosi la matchanelo, ndi matepi akale ophunzirira. "Kumbuyo kwa tepi yanu kuli kabowo koteteza kuti isafufutike. Mumatepo selotepi. Ine sindinakuuzeni."

Keturah si munthu wopupuluma. Jakisoni sabaya asanapeze mtsempha. Kwa masiku angapo, akaweruka, ankaphunzira khalidwe la dekiyo pa matepi a Rafik, a azungu ochita masewera olimbitsa thupi. Ankasankha munthu mmodzi, n'kumufufuta, n'kuona kuti deki yadya kufika pati. Poyamba inkadya ndi osalakwa omwe. Pang'ono ndi pang'ono chala chake chinazolowera kuimitsa msanga, kuti mchenga uja uthere pa wolakwa yekha. Mantha ake anali amodzi: kuti deki ingamudyere apongozi.

Choti ajambule pamwamba pa mkwatiyo sichinavute kusankha. Pali tchanelo china chimene chimangogulitsa katundu tsiku lonse, ndipo sabata imeneyo bambo wina wa dazi ankatsatsa zokolopera.

Lamlungu atachoka ku tchalitchi anamata selotepi, nalowetsa tepi ya ukwati. Anadziona ali wowonda, velo ikuuluka ndi mphepo ya ku Limbe. Anamuona Bonface akutsika galimoto, suti yobwereka ikumukhwepa m'mapewa. Anabweza pang'ono, nakanikiza batani lofiira lojambulira. Bonface anapita, panabwera wa dazi ndi chokolopera chake. Pa malumbiro anali awiri, ndipo Keturah sanadzimvere chisoni: anafufuta onse. Podula keke, chimodzimodzi.

Pa perekaniperekani ndi pamene anachotsa chala pa limoti. Apongozi, atavala chilundu chobiriwira, anakwera kutsogolo, namukoka mkwatibwi pa mpando, namutsitsira pakati pa anthu. Ankavina atamugwira dzanja, tsaya pa tsaya, nthungululu ili pakamwa. Wojambula anawatsatira nthawi yaitali. Bonface anali atatsala pa tebulo, kunja kwa chithunzi. Keturah anaonera kawiri, osakhudza kanthu.

Panatsala malo amodzi amene anawalumpha dala. Panja pa tchalitchi, apongozi akumukonza tayi mwana wawo Bonface, akumupukuta thukuta ndi mpango wawo, akuseka mpaka maso kutsinzina. Pa tepi yonse panalibe pena pamene anaoneka okongola chotero. Pamenepa ndi pamene Bonface ankapafuna, ndipo panalibe njira yomuchotsera iye n'kusiya mayi ake.

Keturah anaimitsa deki. Anakasita yunifolomu ya mawa, nathirira maluwa a pawindo. Anaganiza za Mayankho, amene anali ku yunivesite ku Loughborough ndipo agogo akewo ankawakonda ngati mayi. Kufufuta pamenepa kunali kumulanda nayenso. Koma akatseka maso ankaona holo ya ku Normanton, nkhope ya apongozi ili pa khoma, mkazi wina atavala velo pansi pake, anthu akuwomba m'manja.

Anabwerera, nakhala pansi pa kapeti, pafupi ndi sikirini.

"Amayi, mundikhululukire," anatero. "Kumeneko simupita."

Anakanikiza batani lofiira. Sindinena kuti anachita bwino, ndipo Mayankho atamva anakhala nthawi osaimba foni. Ndikungonena zimene anachita.

Tepi anaikulunga bwino, naitumiza pa positi. Pasanathe sabata Bonface anaimba.

"Mayi a Mayankho, n'chiyani chimenechi? Taipititsa kwa mnyamata uja, mwangodzaza mzungu wogulitsa zokolopera."

"Amayi mulibe?"

"Alimo, koma paliponse akugwirani dzanja inuyo. Akuti sizingaduliketu, akadula inu adulanso nkhope yawo."

"Ndiye aonetseni choncho. Anavina bwino tsiku limenelo."

"Nanga paja ankandikonza tayi?"

"Deki yake ndi yotchipa, bambo a Mayankho. Imadya."

"Mulibe chisoni inu. Amayi anga omwe?"

"Amayi anu ndawasunga pamene anasankha okha kuima. Mukathana nayo mundibwezere, ndi ya ukwati wanga."

Bonface anadula foni. Tepi inabwera ndi munthu wina wa ku tchalitchi, yopanda uthenga uliwonse.

Ukwati wa ku Normanton unachitika pa tsiku lake. Amene anapitako akuti chakudya chinali chokwanira, nyimbo zinali bwino, ndipo sikirini imene anabwereka inakhala yothima mpaka anthu kubalalika. Keturah tsiku limenelo anali ku ntchito. Pa tepi yake, kuyambira poyamba mpaka pothera, nkhope ya Bonface sinatsalepo paliponse, ndipo pa gule wa apongozi deki sinadye ngakhale phazi limodzi.