Nsomba Zodikila Mlendo

Mpaka lelo ndikamva fungo la khola la nkhumba, ndimakumbukila damu lathu la nsomba ku Msanzala.

Inali nthawi ya chipani chimodzi. Ife amai a kalabu tinakumba damulo m'dambo ndi makasu athu, alangizi a zaulimi n'kutibweletsela tiana ta nsomba m'migolo. Ine ndinakumba ndi mtima wonse chifukwa cha mwana wanga wachiwili. Tsitsi lake linali litafiila, mapazi atatupa, ndipo anesi anandiuza mosabisa kuti phala lokha silimuchilitsa, afunika nsomba ndi mazila. Mazila ndinkawapeza mwa apo ndi apo, poti thadzi ndinali nalo limodzi lokha.

Nsomba zitakula ngati chikhatho, atcheyamani a blanchi ya chipani m'mudzi mwathu anaika lamulo: palibe wolawa mpaka mlendo wamkulu wa ku boma adzatsegule damu. Alangizi anali atanena kuti ndowe pang'ono zimabiliwitsa madzi, nsomba n'kupezamo chakudya. Atcheyamani anagwila mawu akuti ndowe, akuti pang'ono anawataya panjila. Pofuna kuti mlendo adzaone nsomba zonona, analamula nyumba iliyonse kuthilamo ndowe za nkhumba, gaga ndi masese a mowa. Tinkasenza pamutu, msuzi wake ukutsikila m'khosi.

Dzuwa la Okutobala litaphulika, madzi anada bii, pamwamba pali thovu. M'mawa wina tinapeza nsomba zonse zatulutsa milomo pamwamba, kukamwa yasa.

"Mwaona? Zili na njala," anatelo atcheyamani. "Ikilamoni gaga wina!"

Mwamwayi alangizi anatulukila pa njinga. Anagwila mphuno.

"Izi nsomba sizifuna vakudya, zifuna mpweya," anatelo. "Nazo zimapuma. Vonyansa mwathila ivi vikamawola visiliza mpweya wonse wa m'madzi. Tsegulani mfuleni ulowe m'damu, madzi atsopano azigwelamo kuchokela pamiyala. Ndipo zina muchotse lelo, zachuluka."

Koma mfuleniwo ndi umene unkathilila dimba la atcheyamani la masamba a lepu.

"Lepu wanga aume chifukwa cha nsomba?" anafunsa. Zochotsako zina anakanilatu, ati mlendo adzapeza chiyani.

Alangizi anapukusa mutu. Anatiuza kuti chotsala ndi kuvundula madzi kuti mpweya ulowe, n'kukwela njinga yawo.

Tinalowamo mpaka m'chiuno. Ena ankamenya madzi ndi nsungwi, ena tinkatunga ndi ndowa n'kukhuthula kuchokela pamwamba pa mutu. Pansi panali pofunda ndi potelela, ukaponda thovu lonunkha linkakwela m'miyendo. Zinkatithovukila m'maso, m'kamwa momwe. Ndinasanzila m'damu momwemo, ndipo madziwo sanasinthe n'komwe. Atcheyamani anali patsinde pa mtengo, kansalu kali pamphuno, akutiuza kuti tiyimbeko nyimbo ntchito ipepuke. Ndinanyansidwa nawo kuposa ndowe zija.

Tikavundula kwambili, nsomba zinkabwelela pansi, ine n'kuyamba kuyembekeza. Koma kukacha zinkakhala zabwelelanso pamwamba, zina zitagona chagada. Ndinapita kukagwada kwa atcheyamani.

"Bambo, nipatsenikoni ziwili chabe zikali kupuma. Mwana adwala."

"Amai, mufuna kudya mlendo akalibe kudya? Ulemu uli kuti? Mlendo ndi mame, limbani mtima."

Ndinalimba mtima, nanga ndikanatani? Wotsutsa atcheyamani masiku amenewo ankatchedwa mdani wa chitukuko. Sabata isanathe damu lonse linayela ndi mimba za nsomba zotupa. Ntchentche zobiliwila zinali ng'waa, ngakhale agalu ankangonunkhiza n'kubwelela. Tinazikokola ndi malichelo n'kuzikwilila m'dzenje.

Mlendo anabwela ndithu. Anamuimika kumtunda kwa mphepo, anayamika khama la amai, ife tikuomba m'manja. Ndiye poti mlendo wotele sadya masamba, anyamata a chipani anali atayenda nyumba ndi nyumba kugwila nkhuku. Kwathu anagwila thadzi lija.

Ine ndinali m'gulu lophika, ndipo linagwela m'manja mwanga. Nditalitumbula ndinapeza m'mimba muli timazila tachikasu topanda chigoba, ting'onoting'ono, tondondozana. Ndinatikulunga m'tsamba la nthochi, n'kubisa m'chitenje ngati wakuba. Kunyumba ndinatiphika m'phala, mwana n'kumeza masipuni angapo.

Ndiwo mazila otsiliza amene anadya. Tinamuika m'manda mvula yoyamba isanagwe, ndipo njila ya kumanda inkadutsa m'mbali mwa dimba lija. Lepu anali wobiliwila bwino.